Mwamuna wa ku Mtapo

1

Mukapita ku Malindi n'kufunsa anthu achikulire za Dinah woumba mbiya, ena adzati, "Ooo, uja anagwidwa ndi mwamuna ku mtapo?" Ndine amene. Ndipo tisatayitsane nthawi: inde, ku mtapo, kumene timakumba dothi loumbira, kunalidi mwamuna. Ndinkamupititsira chakudya, ndinkamutsuka bala, ndipo ndinkanamiza amuna anga tsiku ndi tsiku. Mwayamba kale kupukusa mitu, eti? Dikirani kaye mundimve.

Chinali chaka cha 1972. Ndinali pabanja ndi a Gordon, kalaliki wa pamsika wogula mbewu, tili ndi kamwana kamodzi, Elina. Ine ndinakula wamasiye pamishoni, ndiye panalibe kwathu koti a Gordon akakhale chikamwini. Ananditengera kwa mayi awo, a Mabel. Amuna angawo ndinkawakonda, ndikunena mosabisa. Anali munthu wofatsa, woseka ndi mapewa, wobwera ndi kanyenya m'thumba la jekete kuti ine ndi mwana tilawe.

Apongozi anga anali mayi wamtali, mawu ngati belu la tchalitchi, tcheyamani wa amayi a chipani panthambi yathu. Kovina ankakhala kutsogolo. Khadi la chipani ankayamba kugula ndi iwo, mpaka anamugulira Elina akadali kumsana. Anthu ankati ndi okonda chipani, koma ife a m'nyumba tinkadziwa kuti ndi mantha. Mwana wawo woyamba, Andreya, amene anali mphunzitsi, analowa m'tchire ndi anthu aja anaukira boma mu 1965, ndipo kenaka kunamveka kuti anafera kumapiri. Maliro sanachitike, pakuti kulira chigawenga unali mlandu. Dzina lake m'nyumbamo silinkatchulidwa. Kuti banja lipume, apongozi ankayenera kufuula kuposa wina aliyense.

2

Apongozi ankapanga vinyo. Osati uchema uja wogoneka amuna m'mbali mwa msewu ayi. Wawo unali wa nthochi ndi bwemba, umene anaphunzira kwa masisitere a pamishoni, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ine ntchito yanga inali kusenda nthochi ndi kutsuka mabotolo. Tsiku lina ndinadzicheka ndi mpeni, ndipo pondimanga chala anayankhula ngati ali okha.

"Wanga wamkulu uja anang'ambika chala chachikulu ndi mbedza ya kampango ali wamng'ono. Chinapola chogawikana pakati ngati chiboda cha mbuzi."

Anangoti kukamwa gwi, n'kuyang'ana kukhomo. Sanabwerezenso.

Pakhomopo patapita masiku panabwera a Jailosi, tcheyamani wa nthambi, bambo wosekaseka koma maso ake osaseka.

"Mayi Mabel, mwezi wamawa kuboma kuli chiwonetsero cha ntchito za amayi. Kubwera akuluakulu a chipani. Vinyo wanu uja akalawe."

"Akalawa, bambo."

"Koma matebulo a muholo muja ndi opolisha. Tambula ikachita thukuta imasiya chizindikiro. Kwa azungu ndinaonako timbale ting'onoting'ono tokhazikapo matambula. Mpongozi wanuyu si woumba? Atiumbire ta dothi lathu lomweli, ajambulepo tambala wakuda wa chipani."

Apongozi anagwira pakamwa. "Bambo, munthu akakhazike chakumwa pamutu pa chizindikiro cha chipani? Mukufuna galimoto idzatitole tonse?"

A Jailosi anacheukira kumsewu, thukuta kamukamu. "Ayi, ayi, sindinatero ine. Ajambule chambo."

Atapita tinaseka, koma chamumtima.

Kambale kotere mukakaona mumati n'kosavuta. Bodza. Bola mphika. Chinthu chophwatalala chimapindika pouma ndipo chimang'aluka pamoto. Dothi lake uyenera kulisinja, kulichotsa timiyala tonse, kulisakaniza ndi mapale operapera, n'kulikanda mpaka mikono iwawe. Ukatero umaliyala ndi botolo, n'kudula ndi kukamwa kwa chitini, n'kukulungiza ndi kamwala kosalala. Pomaliza ine ndinkadinda chala chachikulu pansi pa kambale kalikonse, kuti pakati pasakhuthale, komanso ndicho chinali chizindikiro changa.

Ndiye pali malamulo a dothi. Ku mtapo mwamuna sapondako, akapondako dothi limathawa, pamatsala mchenga. Ndipo woumba amadika: kuyambira tsiku lokumba mpaka tsiku lowotcha sakhala malo amodzi ndi mwamuna, apo ayi ziwiya zimaphulika pamoto. Tinali a Anglikani opemphera m'mawa ndi madzulo, koma pa za dothi panalibe ankatsutsa. A Gordon ananyamula mphasa kukagona pabalaza, akudandaula moseka kuti chipani chawalanda mkazi.

3

Mtapo wathu uli m'khwawa, kuseri kwa kaphiri, kutali ndi nyumba za anthu. Nyengo imeneyo usipa unali utagwa wambiri, amayi anzanga ali kalikiliki kuyanika, ndiye ndinkapita ndekha.

Tsiku lina ndikukumba ndinamva kutsokomola m'kaphanga komwe tinkabisalamo mvula. Kutsokomola kwa mwamuna. Ndinakweza khasu m'mwamba. Mkatimo munali munthu wowonda, ndevu zili nyankhalala, mwendo wotupa wokulungidwa ndi sanza. Fungo lake linandibweza m'mbuyo.

"Dinah," anatero, "usakuwe. Ndiyang'ane bwinobwino."

Ndinawayang'ana. Khasu linagwa lokha.

Dzina lawo ndikuuzani nthawi yake ikakwana. Pano ndizingoti bambo aja.

"Ndabwera kuno chifukwa amuna safikako," anatero. "Mwendo ukangopola ndichoka. Koma ukauza munthu ngakhale mmodzi, wandipha ine, wadziphanso wekha ndi onse a pakhomo panu."

"Ngakhale a Gordon?"

"Makamaka iyeyo. Munthu sangaulule chimene sakuchidziwa."

Ankanena zoona. Masiku amenewo kwathuko munthu ankatengedwa chifukwa chongopatsa madzi mlendo wolakwika, ndipo sankatengedwa yekha. Ndinalumbira.

Kuyambira tsikulo dengu langa linkapita lolemera kuposa mmene linkabwerera. Pansi pa nsanza ndinkabisa mbatata yophika, usipa, mchere wotsukira bala. Tsiku lina ndinaba kabotolo ka vinyo wa apongozi kuti mwina kawapatse mphamvu. Analawa pang'ono chabe, n'kutembenukira kukhoma la phanga, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedera.

Kusamalira wodwala kunandidyera nthawi. Tsiku la chiwonetsero linkayandikira, timbale tisanafike ngakhale theka. A Jailosi ankadutsa pakhomo m'mawa uliwonse. "Zikuyenda, mtsikana?" Ndinayamba kuumbira ku mtapo komweko, pamthunzi wa mkuyu.

"Bwera nalo ndikuthandize," anatero bambo aja.

"Mwamuna sagwira dothi."

"Ndagona pa dothi limeneli masiku onsewa. Lathawa?"

Ndinaseka koyamba m'masabata angapo, n'kuwapatsa. Iwo ankakanda, kudula ndi kudinda pansi, ine n'kumakulungiza ndi kujambula chambo pamwamba. Koma manja a munthu wodwala alibe mphamvu. Dothi lawo linkatsala ndi timiyala ndi mpweya mkati. Ndinaona, koma dzuwa linali kuthamanga, ndipo ndinati Mulungu adziwa yekha.

4

Tinawotchera kuseri kwa nyumba, dzuwa litapendeka. Amayi a m'mudzi anabwera kudzaonerera, pakati pawo pali Dorika, woyandikana nafe nyumba. Naye anali woumba, ndipo zinkamuwawa kuti ntchitoyi sanapatsidwe iye.

Ndinayala timbale m'dzenje, n'kuunjikapo makungwa, ndowe zouma ndi udzu. Apongozi anayatsa. Moto unagwira bwino, ndipo ndinayamba kupuma.

Thoo!

Aliyense anadzidzimuka. Kenaka kena, thoo! Kenanso. Zidutswa zinkauluka m'moto ngati chimanga chokazinga. Ine ndinangoima, manja pamutu, ndikumva ntchito ya mwezi wonse ikutha.

Kutakhala bata, Dorika anakonza mpango wake. "Kaya, mwina pakhomo pano kudika kunatha fasho."

Amayi anaseka n'kucheukira a Gordon, amene anali atangofika kumene ndi njinga. Kunali kuseka kwa chipongwe wamba, koti mwamuna akanangokanda m'mutu nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinawayang'ana amuna anga ndikupempha mumtima kuti aseke nawo.

Sanaseke. Anatsamiritsa njinga pamtengo pang'onopang'ono.

"Ine ndagona pabalaza mwezi wonse," anatero.

Abale, mawu amenewo! Sanakuwe, koma anamveka mpaka kwa womaliza. Kuseka kunazima. Amayi anayamba kuyang'anana, ena akuyang'ana pansi. Ngati mwamuna wake wadika, ndipo moto waphulitsa, ndiye wakhala ndi ndani? Palibe anafunsa mokweza, koma funso linali pankhope ya aliyense.

Apongozi anafukula phulusa ndi ndodo, n'kutola timbale tochepa timene tinapulumuka. Anatiponya m'lichero osatiyang'ana n'komwe.

5

Ndinadikira kuti a Gordon andiitanire kuchipinda andifunse. Sindikudziwa chimene ndikanayankha, koma ndinadikira. Anandidutsa pakhonde ngati akudutsa mtondo. Chakudya sanadye. Kutacha anavala jekete n'kupita kukaitana ankhoswe.

Dorika naye sanagone tulo taulesi. Analawirira kunjira ya ku mtapo ngati wokatola nkhuni, ndipo pakamtsinje anapeza mapazi a mwamuna, phazi limodzi lokwekwereza. Kuphanga sanafike, anachita mantha. Koma mwamuna wake anali wa yufi, anyamata a chipani a malaya ofiira aja, ndipo dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali kwa a Jailosi.

Ndinamva kwa ana akusewera panja. Ndinatenga dengu kuti ndithamange ndikawachenjeze bambo aja, koma apongozi anali atakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula.

"Ukupita kuti?"

"Kukatapa dothi lina, amayi. Chiwonetsero chayandikira."

"Dothi! Ndinakutola ulibe ndi supuni yomwe, ndinakusunga ngati mwana wanga, lero wandivula pamaso pa mudzi wonse. Sutuluka muno. Khala pansi."

Ndinakhala pansi. Ndinali ndi mawu awiri okha oti ndikanawauza, ndipo mkwiyo wonsewo ukanasungunuka. Koma pawindo panali Dorika akunamizira kuyanika zovala, ndipo ndinali nditalumbira. Ndinaluma lilime mpaka ndinamva magazi.

6

Mlandu unakhala tsiku lomwelo, pansi pa mango a pabwalo lathu. Ankhoswe anakhala pamipando, ine pamphasa, Elina ali pamiyendo. A Gordon anakhala cham'mbali, maso ali pa nsapato zawo. Anthu anadzaza mpaka kumpanda.

Ankhoswe asanatsegule n'komwe pakamwa, anafika a Jailosi ndi anyamata awo, zibonga m'manja. Palibe anawaitana, palibenso akanawabweza.

"Za m'banja si zanga," anatero akumwetulira. "Koma mwamuna wogona m'tchire kuno ku Malindi ndi wanga. Mtsikana, tiuze. Ndi chibwenzi kapena ndi chigawenga? Ngati si chibwenzi, anyamatawa akunyamuka pompano."

Ndikati chibwenzi, banja langa latha. Ndikati ayi, munthu afa, ndipo galimoto ibwera kudzatenga ine, a Gordon ndi apongozi omwe. M'makutu munkangolira.

"Wasanduka bubu?" Apongozi anadzambatuka ndi lichero lija. "Onani, anthuni, ntchito ya manja a hule!"

Anatola kambale kamodzi kuti andigende nako. Dzanja linakwera m'mwamba, koma silinatsike. Chala chawo chinali chitagwera m'kadzenje ka pansi kaja.

Anakatembenuza. Kadzenjeko kanali kakakulu kuposa chala changa, ndipo pakati pake panadutsa kamzere kotukuka, kokagawa pawiri. Anasisita kamzereko. Anatola kambale kena, n'kutembenuza. Chimodzimodzi. Anthu ankaganiza kuti akusankha kolemera kuti kandipweteke bwino. Ine ndekha ndinaona milomo yawo ikutchula dzina popanda mawu.

Anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu pang'ono, pang'ono zedi.

Analowetsa kambaleko m'bulauzi, n'kubwera pamene ndinakhala. Mbama imene anandipatsa ndimaimvabe mpaka lero nyengo yozizira.

"Vomera! Ndi msodzi uja wa ku Nkope ankadzagula mitsuko, si choncho? Ndinakuonani ndi maso angawa mukunong'onezana kuseri kwa nkhokwe! Vomera, Dinah!"

Kunalibe msodzi wa ku Nkope. Sanakhaleko n'kale lonse. Mawu awo ankabangula, koma maso awo, ali pafupi ndi anga, ankagwada.

Ndinayang'ana a Gordon. Tsopano anali atadzutsa mutu, akundiyang'ana ngati munthu amene akumira. Ankafuna ndikane. Mulungu ndi mboni, ankafuna ndikane.

"Ndi yemweyo," ndinatero.

Anthu anati haa!

"Ali kuti?" anafunsa a Jailosi.

"Anawoloka ndi bwato dzana."

"Nanga phazi lokwekwereza?"

"Anabayidwa ndi munga wa nkholokolo pokoka ukonde."

Sindikudziwa kumene bodza limenelo linachokera. A Gordon anaimirira, n'kukonza jekete.

"Ndamva," anatero. "Atenge mwana azipita."

Koma a Jailosi anali asanakhute. "Chabwino. Komabe anyamata akaoneko."

"Amuna ku mtapo?" Apongozi anamanga chitenje cha chipani m'chiuno mwamphamvu. "Dothi lithawe, ndiye timbale ta chiwonetsero tichokera kuti? Akuluakulu mukawauza chiyani? Ine ndine tcheyamani wa amayi pano. Ndipita ndekha ndi hule ameneyu, akandionetse chisa chakecho, ndikachiwotche ndi manja angawa. Kapena simukundikhulupirira, bambo?"

Amayi anayamba kung'ung'udza movomereza, Dorika patsogolo, pakuti mtapowo unali wakenso. A Jailosi anayang'ana khamu la amayi, n'kuyang'ana chitenje cha apongozi.

"Pitani, mayi. Ife tikhala pano tione utsi."

7

Ananditukwana njira yonse mpaka tinapitirira nyumba yomaliza. Kenaka analeka. Titawoloka kamtsinje anayamba kuthamanga, mayi wamkulu uja, mpango utagwa osautola.

Pakhomo la phanga anaima, akupumira m'mwamba.

"Andreya."

Mkati munali zii. Kenaka mawu aang'ono, ngati a mwana: "Amayi."

Inde, owerenga. Mwamuna wa ku mtapo anali alamu anga, mkulu wawo wa a Gordon, amene tonse tinkati anafa. Ndinkawadziwa kuyambira ndili mtsikana pamishoni, iwo ali mphunzitsi. Anapulumuka kumapiri kuja, n'kukhala zaka kutsidya kwa malire, ndipo nkhondo ya kumeneko itawavulaza anakwawira kwawo, kuti ngati n'kufa afere pafupi ndi mayi awo. Pakhomo sakanafika. Ankangokhutira ndi kumva kwa ine kuti amayi adzuka bwanji, ndi kulawa vinyo wawo.

Apongozi sanalire mokweza, mawu amapita kutali m'khwawa. Anagwira dzanja la mwana wawo, n'kufunafuna chala chija, n'kuchikanikiza patsaya pawo. Ine ndinatuluka panja.

Nthawi inali yochepa. Mwendo unali utayamba kupola, woti n'kuyenda ndi ndodo. Apongozi anawauza kuti akwere ndi khwawa lomwelo mpaka kumapiri a ku Namwera, kwa a Ibrahimu, mlimi wa fodya amene anali bwenzi la malemu apongozi aamuna, kuti akawaolotse malire. Alamu anandiyang'ana, tsaya langa lotupa, ndipo anafunsa chimene chachitika.

"Palibe," anatero apongozi. "Nyamuka."

Atazimiririka m'mitengo tinaunjika udzu umene ankagonapo, masanza ndi nkhuni zaziwisi, n'kuyatsa. Utsi unakwera wakuda, woti a Jailosi auone bwino.

Pobwerera, pakamtsinje paja, apongozi anandigwadira. Mayi wobala amuna anga, maondo pamiyala.

"Mwananga, ndakupha."

"Dzukani, amayi. Tikangowauza a Gordon, basi."

"Ayi. Jailosi azimuyang'ana nkhope tsiku lililonse. Gordon satha kunama, umamudziwa. Mkwiyo wake ukhale weniweni. Zikazizira tidzamuuza."

Titayandikira nyumba zoyamba anapukuta maso, n'kuyambiranso kunditukwana.

8

Sizinazizire. A Gordon anapempha kuti awasamutsire ku Lilongwe, kumene ankamanga likulu latsopano, ndipo chaka chisanathe anakwatira. Zitatero tikanawauza kuti zitani? Tikanapasula nyumba ina, n'kudzutsanso mlandu wogona. Timbale ta chiwonetsero anaumba Dorika, ndipo ndinamva kuti akuluakulu anatiyamikira kwambiri.

Ine ndinapita ku Mangochi kuboma ndi Elina kumsana. Ndinaumba mbiya, mitsuko, ndipo mahotela a m'mbali mwa nyanja atachuluka, timbale tomwe tija ndi timene tinamuphunzitsa mwanayo sukulu. Dzina lija linanditsatira. Kumsika amayi ankakoka amuna awo ndikamadutsa. Elina anabwerapo kusukulu akulira kuti anzake akumufunsa ngati bambo ake ndi a ku Nkope. Zinandiwawa, ndipo ndisakunamizeni kuti ndinapirira mokondwa. Masiku ena ndinkawada onse, apongozi, alamu, ndi dothi lomwe.

Apongozi tikakumana pamaliro ankandidutsa osapereka moni. Koma nyengo ya bwemba ikafika, woyendetsa lole ya nsomba ankanditulira botolo la vinyo lokulungidwa m'masamba a nthochi, popanda uthenga. Chaka chimene anamwalira, m'masambamo munalinso kambale kaja.

Mu 1993, othawa atayamba kubwerera, alamu anafika ku Malindi akutsimphina, mutu uli mbuu. Lamulungu mapemphero atatha anaima pakhomo la tchalitchi n'kufotokoza zonse, chala chili m'mwamba. Mukudziwa chimene anthu ananena? "Ife tinkadziwa kuti Dinah sangachite zimenezo." Woyamba kutero anali Dorika. Koma anthu!

A Gordon anabwera patapita milungu ingapo. Ndinawapeza ataima pabwalo panga, chipewa m'manja, atakalamba, mapewa aja atagwa. Ndinawapatsa mpando pakhonde. Vinyo ndinali nditaphunzira kupanga ndekha, ngakhale bwemba sindimuthira bwino ngati mayi awo. Ndinawathirira m'tambula, n'kuikhazika pa kambale kaja.

Anakweza tambula, n'kuona chambo chojambulidwa. Anakatembenuza kambaleko. Chala chawo chinalowa m'kadzenje ka mkulu wawo, ndipo vinyo anayamba kutayikira pa thalauza.

"Mayi a Elina, bwanji simunandiuze?"

"Inu bwanji simunandifunse?"

"Munavomera nokha, pamaso pa anthu."

"Pamaso pa anthu, eya. Koma dzulo lake tinali m'nyumba imodzi, inu ndi ine. Ndinakudikirani pakhonde. Munapita kwa ankhoswe."

"Mukanandiuza zoona?"

"Kaya. Mwina ndikananama. Koma mukanandiyang'ana m'maso, ndipo inu munkandidziwa."

Anakhala mpaka vinyo anatentha m'tambula, kenaka anapempha ngati angatenge kambaleko. Ndinakana. Ndinawaperekeza pamsewu kukakwera basi ya ku Lilongwe, kwa akazi awo ndi ana awo.

Owerenga anzanga, ena mwa inu mukuti ndinachita bwino, ena mukuti ndinali chitsiru kutaya banja chifukwa cha mlamu. Ine ndinasiya kudziweruza. Munthu ali moyo, ali ndi zidzukulu ku Malindi, ndipo akandiona amavula chipewa. Apongozi sindiwasungira mangawa, anali mayi, ndipo ine ndikanakhala iwo ndikanamenya mbama yomweyo. Chimene sichinapole ndi chimodzi chokha. Moto unanena zake, Dorika ananena zake, mudzi wonse unanena zake, ndipo munthu amene ankagona nane mphasa imodzi anawamvera onsewo osandifunsa ine. Inu amene muli pabanja, tsiku limene mudzamve zoipa za mnzanu, tsekani kaye chitseko, mukhale naye pansi awiriwiri, mumuyang'ane. Ankhoswe sathawa.

Kambale kaja kali pawindo la kuchipinda kwanga. Alendo sindiwakhazikiraponso tambula.